Mbiri ya Nkhokwe za Ciwerengero

Mlimi akakolola dzinthu zoposa nkhokwe yace, cimwemwe cace cisanduka nkhawa. Cotero cinagwera anthu anzeru a ku CERN, malo a maphunziro amene maiko a ku Ulaya anawakhazika m'caka ca 1954 pafupi ndi mudzi wa Geneva, kuti afunefune tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene Mlengi anaumba nato zinthu zonse.

Poyamba nchito yowerengera inali ya anthu. M'caka ca 1958 analemba nchito Wim Klein wa ku Holland, wodziwa kucurukitsa ziwerengero zazikuru pamtima. Ndipo caka comweco anaimika kompyuta yao yoyamba. Akazi ambiri anakhala tsiku lonse napenya zithunzi cimodzi cimodzi, kulondola mapazi a tizidutswato monga mlenje alondola nyama.

Koma m'caka ca 2008 anatsegula njira yozungulira pansi pa nthaka, ya makilomita 27, m'mene tizidutswa tiombana nthawi mamiliyoni ambiri m'kuphethira kwa diso. Palibe munthu angathe kupenya zonsezi. Cifukwa cace makina ayamba apeta, nataya zocuruka ngati mankhusu. Ndipo cotayidwa sicibweranso. Cingakhale cotsalaco cinaposa mphamvu ya CERN. Pamenepo anagawa katundu, nalumikiza nyumba zowerengera ngati 170 m'maiko oposa 40, ina ya izo ku Cape Town. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwa ici, pa 4 July 2012, analalikira kuti apeza kadutswa kamene Peter Higgs anakaneneratu m'caka ca 1964. Mwini wace analipo, ali nkhalamba, nagwetsa misozi.

Zokolola zinacurukabe, ndipo anapempha thandizo kwa eni makina akuru koposa. Ku Oak Ridge, m'dziko la America, kunali makina dzina lace Titan, omangidwira nchito zina. Nchito zazikuruzo polindirana, mbali zina za makina zinakhala cabe kanthawi. Anzeru aja anaphunzira kulowetsa tinchito tao m'mipatamo, monga Rute anakunkha m'munda wa Boazi, kufikira makinawo anapumula m'caka ca 2019.

Tsono, abale, tilingalire. Anthu awa, a manenedwe osiyana, amene makolo ao anathirana nkhondo, anabwerekana nkhokwe, osanyoza ngakhale khunkha, kuti azindikire kanthu kakang'ono ka cilengedwe. Nanga ife a mudzi umodzi ndi mpingo umodzi, tidzamanana bwanji khasu?