Kusamutsa Nkhongole ya Credit Card Popanda Ciwongoladzanja: Mmene Kumagwirira Nchito

Mabanja ambiri ali ndi mwana kapena m'bale amene akukhala ku Britain. Ena mwa iwo amalipirira fizi, maliro kapena tikiti ya ndege ndi credit card, kenaka nkhongoleyo imawakanirira kwa zaka. Pali njira ina imene mabanki a kumeneko amaicha balance transfer, imene imathandiza munthu kumaliza nkhongole yotere mofulumira. Njirayi ndi yofala maka-maka ku Britain ndi ku America. M'nkhaniyi tifotokoza mmene iliri ku Britain.

Kodi balance transfer n'ciani?

Ndi kusamutsa nkhongole kuicotsa pa khadi lina kuipititsa pa khadi latsopano la banki ina. Banki yatsopanoyo imalipira banki yakale, ndipo inu mumayamba kubweza ku banki yatsopano. Pofuna kukopa makasitomala, imakupatsani miyezi ingapo imene ciwongoladzanja cimakhala 0 peresenti. Makadi ena amapereka miyezi 12, ena amapitirira zaka ziwiri.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: nkhongole siicepa cifukwa cakuti yasamuka. Cimene mwapeza ndi nthawi cabe, nthawi imene ndalama iliyonse imene mwalipira imadula nkhongole yeniyeniyo.

Mtengo wake

Kawiri-kawiri banki imatenga ndalama ya kusamutsa kamodzi kokha, imene nthawi zambiri imakhala pafupi-fupi 3 peresenti ya nkhongoleyo, ndipo imaiwonjezera pa nkhongole. Makadi a miyezi yocepa nthawi zina satenga kanthu. Miyezi ya 0 peresenti ikatha, zotsala zonse zimayamba kubala ciwongoladzanja ca masiku onse, cimene pa makadi ambiri cimapitirira 20 peresenti pa caka.

Citsanzo

Tiyerekeze kuti munthu ali ndi nkhongole ya £3,000 pa khadi la 24 peresenti pa caka. Mwezi woyamba, ciwongoladzanja cokha cimapitirira £50. Akasamutsira nkhongoleyo pa khadi la miyezi 24, ndi malipiro a 3 peresenti, amawonjezera £90, ndipo yonse imakhala £3,090. Akagawa ndalamayi ndi 24, amapeza £128.75 pa mwezi, ndipo pakatha zaka ziwiri nkhongole yatha.

Akanakhalabe pa khadi lakale n'kumalipira £128.75 yomweyo, akanatenga miyezi pafupi-fupi 31, ndipo ciwongoladzanja cikanadya ndalama zoposa £900. Conco kusamutsako kwamupulumutsira zoposa £800.

Koma pali msampha. Banki imangofuna kuti muzilipira kandalama kocepa pa mwezi, kamene pa makadi ena ndi 1 peresenti cabe ya nkhongole pamene palibe ciwongoladzanja. Munthu uja akamalipira kameneko kokha, pakatha miyezi 24 adzakhala akali ndi nkhongole yoposa £2,400, ndipo ciwongoladzanja cidzabwerera. Ndiye cifukwa cake muyenera kudziwerengera nokha: gawani nkhongole yonse ndi ciwerengero ca miyezi, ndipo muzilipira zimenezo.

Ndani angapatsidwe khadi lotere?

Banki imayang'ana mbiri yanu ya kabwezedwe ka nkhongole. Ku Britain mbiriyi imasungidwa ndi makampani atatu akulu-akulu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Munthu amene wangofika kumene m'dzikomo amakhala alibe mbiri, conco akhoza kukanidwa kapena kupatsidwa malire ocepa. Amene anaphonyapo malipiro amavutikanso cimodzi-modzi.

Musanafunsire, gwiritsani nchito eligibility checker ya pa intaneti. Imaonetsa mwayi wanu popanda kusiya cizindikiro cimene mabanki ena angaone. Kufunsira makadi ambiri nthawi imodzi kumaipitsa mbiri. Onaninso mawu akuti "up to" pa cilengezo: amatanthauza kuti mungapatsidwe miyezi yocepa kuposa imene yalembedwa.

Malamulo ofunika kusunga

1. Samutsani msanga. Makadi ambiri amapereka 0 peresenti pa nkhongole yokhayo imene yasamutsidwa m'masiku 60 kapena 90 oyambirira.

2. Sankhani banki ina. Nthawi zambiri simungasamutse nkhongole pakati pa makadi a banki imodzi kapena a gulu limodzi la mabanki.

3. Dziwani malire. Nthawi zambiri amalola kusamutsa mpaka 90 kapena 95 peresenti ya malire a khadi latsopano. Ngati nkhongole yonse siikwana, yambani ndi imene ili ndi ciwongoladzanja cacikulu.

4. Musaphonye mwezi ngakhale umodzi. Kucedwa kulipira kungacititse banki kucotsa 0 peresenti ija. Ikani direct debit kuti ndalama izicoka yokha mu akaunti.

5. Musagulire zinthu pa khadi latsopano, ndipo musatengepo ndalama pa ATM. Zimenezi kawiri-kawiri zimabala ciwongoladzanja cokwera.

6. Lipiranibe khadi lakale mpaka mutaona kuti kusamutsa kwatheka.

7. Lembani pa kalendala tsiku limene 0 peresenti idzatha.

Ngozi yaikulu ndi khadi lakale

Nkhongole ikasamuka, khadi lakale limatsala loyera, lokonzeka kugwiritsidwanso nchito. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Foni ikalira kucokera kumudzi, munthu amatenganso khadi lija, ndipo posapita nthawi amakhala ndi nkhongole ziwiri m'malo mwa imodzi. Zimafanana ndi munthu wotenga kaloba kuti abweze kaloba ina. Ndi bwino kulitseka khadilo, kapena kulicotsa m'cikwama ndi pa foni.

Nanunso amene muli kuno kumudzi muli ndi mbali yanu. M'bale wanu akakuuzani kuti kwa zaka ziwiri azitumiza zocepa cifukwa akumaliza nkhongole, mumumvetse. Paundi imene wabwereka pa khadi kuti akutumizireni amaibweza ndi ciwongoladzanja.

Kusunga ndalama

Phindu lenileni limaoneka nkhongole ikatha. Munthu wa m'citsanzo cija wazolowera kale kukhala wopanda £128.75 mwezi ndi mwezi. Akapitiriza kuiika mu akaunti yosungira ndalama, pakatha caka amakhala ndi £1,545, osawerengera ciwongoladzanja cimene banki imupatsa. Ndalama yotere ndi imene imacititsa kuti maliro kapena matenda adzidzidzi asamubwezere ku khadi.

Ngati njirayi siikukwanirani

Balance transfer imathandiza munthu amene ali ndi malipiro okhazikika ndipo angakwanitse kubweza. Siithandiza amene akulephera kale kulipira lendi, magetsi kapena cakudya. Bungwe la Financial Conduct Authority, limene limayang'anira nkhongole za anthu ku Britain kuyambira mu 2014, linaika lamulo mu 2018 lakuti banki iyenera kulembera kasitomala amene kwa miyezi 18 walipira zambiri pa ciwongoladzanja ndi zolipiritsa zina kuposa pa nkhongole yeniyeniyo. Kalata yotere ikabwera, musaibise.

Uphungu waulere umapezeka ku StepChange, Citizens Advice, National Debtline ndi Christians Against Poverty, bungwe limene linayambira ku Bradford mu 1996 ndipo limagwira nchito kudzera m'mipingo. Mukamapita kumeneko, tengani makalata onse a nkhongole ndi mndandanda wa ndalama zimene mumalandira ndi zimene mumagwiritsa nchito pa mwezi.