Momwe Chisilamu chinakwerera mapiri a Dedza

Bembeke amadziwika ndi kuzizira, mbatatesi ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika. Koma m'boma lomweli la Dedza, makamaka kwa Tambala, anthu amadzutsidwa m'mbandakucha ndi mawu oitanira ku swala. Ulendo umene unabweretsa mawuwo kumapiri kuno ndi wautali.

Mtumiki Muhammad anasamuka ku Makka kupita ku Madina m'chaka cha 622. Patapita zaka mazana angapo, amalonda oyenda m'zombo zokankhidwa ndi mphepo anali atafikitsa Chisilamu kugombe la kum'mawa kwa Africa. Pamene Ibn Battuta ankafika ku Kilwa mu 1331, anapeza mzinda wolemera wa Asilamu.

Kuno ku Malawi chipembedzochi chinalowera kunyanja. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, yemwe ankatchedwa Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota, komwe mbiri imati a Jumbe ndiwo anakulitsa ulimi wa mpunga. Ayao nawo ankapita kugombe ndi minyanga ya njovu, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Malondawo anali ndi mbali yowawa: anthu ambiri anagwidwa ndi kugulitsidwa ukapolo.

Cha m'ma 1870 Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu, mafumu ena a Chiyao n'kutsatira. China chimene chinawakopa chinali luso la alembi achiswahili, omwe ankalemba makalata ndi kusunga mawerengero a malonda m'zilembo za Chiarabu. Ayao a Tambala atakhazikika pakati pa Achewa ndi Angoni ku Dedza, chipembedzochi chinapeza khomo lokwerera kumtunda.

Chodabwitsa n'chakuti chinafala kwambiri Angerezi atathetsa malonda a akapolo m'ma 1890. Mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje ankayenda m'midzi kuphunzitsa Qur'an, ndipo chinamwali cha jando chinasanduka khomo lolowera Chisilamu. Makolo ambiri anakana sukulu za mishoni poopa kuti ana awo abatizidwa, zomwe zinachedwetsa maphunziro m'madera awo kwa zaka zambiri.

Zinthu zinasintha. Mu 1994 Amalawi anasankha Bakili Muluzi, Msilamu, kukhala mtsogoleri wa dziko, ndipo Idi yomasulira Ramadani ndi tsiku la tchuthi kwa onse. Ngakhale pa ukwati wachikhristu, eni phwando amaitana Msilamu kudzazinga mbuzi kuti mlendo aliyense adye momasuka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'Malawi.