Kachasu ndi Katchezedwe Kake

Kachasu ndi mowa waukali, woyera ngati madzi, umene umapangidwa potcheza: kuwiritsa chinthu chimene chapsa kale ngati mowa, kugwira nthunzi yake ndi kuiziziritsa kuti isandukenso madzi. Apa ndi pomwe amasiyanirana ndi masese. Mowa wamasese umafululidwa n'kumwedwa mmene wapsera, pamene kachasu amabwereranso pamoto kuti mphamvu ya mowa ipatuke ku madzi ndi zotsalira. M'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi Namitete pa msewu wa ku Mchinji mpaka ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, otcheza ambiri ndi amayi, ndipo zofunika zake zenizeni ndi zitatu zokha: madeya a chimanga, shuga ndi madzi.

Mbiri yake

Achewa akhala akufulula mowa kuyambira kalekale, koma luso lotcheza lidachita kubwera. Lidakwera ndi mtsinje wa Zambezi kuchokera kumadera omwe Apwitikizi adakhazikika, monga Sena ndi Tete, ndipo dzina lakuti kachasu limafanana ndi cachaça, mowa wa nzimbe wotchuka ku Brazil. Atsamunda sadaukonde mowawu. Pangano la ku Brussels la mu 1890 lidaletsa kutcheza m'madera ambiri a mu Africa, ndipo boma la Nyasaland lidapitiriza chiletsocho. Zotsatira zake kachasu adakulira mobisa, kuseri kwa nyumba ndi kumadambo. Mwina n'chifukwa chake mpaka lero malo ake pamwambo ndi ochepa: pa bona kapena pothira nsembe, mowa woyenera ndi wamasese. Kachasu ndi wamalonda.

Kuviika

Ntchito imayamba masiku angapo moto usanakolezedwe. Madeya amaviikidwa m'madzi mu mbiya, mu mgolo kapena m'chidebe chachikulu, kenaka n'kuthiramo shuga. Ena amaonjezera chimera, ena yisiti ya kugolosale, koma ambiri amadalira tizilombo ta yisiti tomwe timakhala kale m'madeyamo ndi m'mbali mwa mbiya yomwe yakhala ikugwira ntchitoyi. Tizilomboti timadya shuga n'kutulutsa zinthu ziwiri: ethanol, yemwe ndiye mphamvu yoledzeretsa ya mowa uliwonse, ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe umaoneka ngati thovu lotuwa pamwamba. Pafupifupi theka la kulemera kwa shuga ndilo limasanduka ethanol, theka linalo limauluka.

Wotcheza wodziwa ntchito amamvetsera ndi khutu. Mgolo ukamalira chapansipansi ndiye kuti shuga akadalimo. Ukakhala zii, madeya n'kukhazikika pansi, kutsekemera n'kutha pa lilime, ndiye kuti wapsa. M'miyezi yotentha ya October ndi November izi zimachitika msanga, pamene mu June ndi July, chisanu chikagwira chigwa cha Lilongwe, zimachedwa. Kuchedwa kutcheza nakonso kumaononga, chifukwa tizilombo tina timasandutsa ethanol kukhala viniga. Ngakhale zonse zitayenda bwino, yisiti siipyola malire: mowa ukafika pafupifupi magawo 12 mpaka 15 pa 100 alionse, iyo imafooka n'kuleka. Ukali wonse wopitirira pamenepa umachokera pamoto.

Pamoto

Chotchezera cha kumudzi chili ndi zigawo zitatu. Pali mphika waukulu wadothi kapena mgolo wachitsulo wokhazikidwa pamafuwa. Pali paipi, yomwe otcheza amaitchula kuti mfuti. Ndipo pali chosungira madzi ozizira chomwe paipiyo imadutsamo, kawirikawiri thayala la galimoto lodulidwa kapena chipika chogoba. Kukamwa kwa mphika kumavundikiridwa ndi kamphika kena kobowola pomwe paipi imalowera, ndipo mipata yonse imamatidwa ndi dothi kapena madeya onyowa kuti nthunzi isathawe. Kumapeto kwa paipi kumaikidwa kachingwe kapena kaudzu kotsogolera madontho m'botolo.

Chinsinsi cha zonsezi ndi chakuti ethanol amawira msanga kuposa madzi. Pamalo ofanana ndi nyanja yamchere ethanol amawira pa madigiri 78, madzi pa madigiri 100. Kuchigwa cha Lilongwe, chomwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000, zonse ziwiri zimawira pa kutentha kotsikirapo pang'ono. Sikuti ethanol amatuluka yekha madzi n'kutsala, ayi. Zimakwera limodzi, kungoti nthunzi yoyamba imanyamula ethanol wambiri kuposa amene ali mu mphikamo. Kuchokera ku mowa wa magawo 10 pa 100, madontho oyamba angathe kupitirira theka kukhala ethanol. Pamene kutcheza kukupitirira, mphika umasauka, ndipo botolo lililonse lotsatira limachepa ukali kuyerekeza ndi linzake.

Pachifukwa ichi luso lonse la wotcheza lili pa zinthu ziwiri zooneka zazing'ono, moto ndi madzi. Moto ukakula, madeya amapserera pansi pa mphika n'kupatsa mowa fungo la chiwawu, kapena amafufuma n'kulowa mu paipi, botolo lonse n'kuda. Moto woyenera ndi wa zikuni ziwiri kapena zitatu, wofatsa, woti madontho azigwa motsatana popanda kuthamanga. Madzi a m'thayala nawo amatentha pang'onopang'ono, kuyambira mbali yomwe yayandikira mphika. Wotcheza amayesa ndi chala, kukapa otenthawo ndi chikho n'kuthiramo ena ozizira. Akazengereza, nthunzi imatuluka kumapeto kwa paipi isanasanduke madzi, phindu n'kumauluka akuona. Nthunzi imeneyo imayakanso ikakumana ndi lawi, ndipo ngozi zambiri zakupsa pantchitoyi zimayambira pamenepa kapena pa dothi lomatira likang'ambika.

Botolo loyamba limatchedwa mutu. Ndilo laukali koposa, ndipo akumwa ambiri amalilimbirana, ngakhale kuti madontho ake oyambirira ndi amene amanyamula zinthu zouluka msanga monga acetaldehyde ndi ethyl acetate, zomwe zimalasa m'mphuno ndi kubaya pakhosi. Mafakitale a mowa amapatula gawo limeneli osaligulitsa. Pakati ndiye pali mowa wabwino. Kumapeto kumabwera madzi ambiri ofwifwa, owawasa, omwe ena amawasakaniza ndi mutu kuti mabotolo achuluke, pamene ena amawabwezera mu mphika wotsatira, njira yomwe ndi yanzeru chifukwa ethanol wotsalayo satayika. Poyesa ukali, otcheza amawaza madontho pamoto: lawi likalilima, mowa ndi wamphamvu, moto ukachita ngati ukuzima, nthawi yophula yakwana. Kuyesa kumeneku kumanena za ukali basi. Sikunena ngati mowawo uli wabwino m'thupi, popeza poizoni wa methanol nayenso amayaka chimodzimodzi.

Chotchezera chobweza nthunzi

Pali mtundu wina wa chotchezera umene akatswiri amautcha reflux still, womwe ntchito yake ndi kubwezera pansi gawo lina la nthunzi isanatuluke. M'malo moti nthunzi ichoke mu mphika n'kulowa mu paipi yozizira nthawi yomweyo, imayamba yakwera mu mpope woimirira, wodzazidwa ndi waya wa kopa kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri. Pamwamba penipeni pa mpopewo pamakhala chozizitsira. Nthunzi ikafika pamenepo imasanduka madzi, ndipo ambiri a madziwo amatsetserekera pansi kudzera mu waya uja, kukumana ndi nthunzi ina yomwe ikukwera. Pokumanapo, madzi enieni a mu nthunzi amagwidwa n'kutsika, pamene ethanol wa m'madontho otsikawo amatenthedwanso n'kukwera. Zili ngati kupeta: mphika wa kumudzi umapeta kamodzi, pamene mpope woterewu umapeta kambirimbiri pa ulendo umodzi womwewo.

Poyendetsa chida chimenechi, chofunika kwambiri ndi kudekha. Mphika ukayamba kuwira, potulukira mowa pamatsekedwa kwa kanthawi kuti zonse zizibwerera pansi, mpaka zinthu zitasanjika mu mpope: zouluka msanga pamwamba, ethanol pakati, madzi pansi. Choyezera kutentha chomwe chimakhala pamwamba chikaima malo amodzi, potulukira pamatsegulidwa pang'ono, mutu n'kutengedwa dontho ndi dontho n'kuikidwa padera. Pambuyo pake mowa wapakati umatuluka, choyezera chili pafupi ndi madigiri 78. Kutenga mothamanga kumachepetsa zobwerera, ndipo ukali umatsika. Kutenga mofatsa kumakweza ukali koma kumadya nthawi ndi moto. Choyezera chikayamba kukwera osabwereranso, ndiye kuti ethanol watha mu mphika. Pamwamba pa mpope payenera kukhala kabowo kopumira nthawi zonse, chifukwa chotchezera chotsekeka ponseponse chimaphulika.

Ngakhale mpope utatalika chotani, ukali sungapyole pafupifupi magawo 96 pa 100, chifukwa pamenepa ethanol ndi madzi zimauluka pamodzi osapatukanso. Mowa wotere sumwedwa mmene ulili. Umasungunulidwa ndi madzi aukhondo mpaka pafupifupi magawo 40 pa 100, monga zilili ndi vodka kapena jini wa m'sitolo. Umakhalanso wopanda fungo la chimanga lomwe akumwa kachasu amalizindikira. Kopa ali ndi ubwino wina wapadera: amagwira zinthu za sulfure zomwe zimanunkhitsa mowa.

Nzeru yobweza nthunzi ndi yomwe ili m'mafakitale akuluakulu. Aeneas Coffey wa ku Ireland adalembetsa chotchezera chake cha mipope chogwira ntchito mosalekeza mu 1830, ndipo m'Malawi muno mipope yamtunduwu ili ku fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa, yomwe idayamba mu 1982, ndi ya PressCane ku Chikwawa, yomwe idayamba mu 2004. Mafakitale onsewa amagwiritsa ntchito molasesi wotsala popanga shuga, ndipo ethanol wambiri amasakanizidwa ndi petulo. Kumidzi chida chotere n'chosowa, ndipo zifukwa zake n'zomveka: kopa ndi wodula, madzi ozizira amafunika oyenda mosadukiza, ndipo moto wa nkhuni ndi wovuta kuusunga pa mlingo umodzi kwa maola ambiri.

Ngozi zake

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kutaya mutu kumachotsa methanol yense. Zoona zake n'zakuti mu mphika wamba methanol amatuluka pang'onopang'ono kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mwayi ndi wakuti madeya ndi shuga zimabala methanol wochepa kwambiri. Wochulukirapo amachokera ku zipatso, monga masau omwe amatchezedwa kuchigwa cha Shire ndi cha Zambezi. Imfa za anthu ambiri nthawi imodzi, monga zomwe zidachitika ku Kenya mu November 2000 pomwe anthu oposa 100 adafa, zimachokera ku methanol wa m'mafakitale wothiridwa dala mu mowa kuti uchuluke. Mamililita 10 okha a methanol angathe kuchititsa khungu, ndipo 30 angathe kupha. Zizindikiro zake zimachedwa, nthawi zina mpaka tsiku lotsatira: kupweteka kwa mutu, kusanza, kupuma mobanika ndi kuona mwachimbuuzi. Wotere afunika chipatala msanga, ndipo kumidzi ya ku Lilongwe ija zoyandikira ndi monga St Gabriel's ku Namitete ndi cha Kabudula, zomwe zimatumiza odwala kwambiri ku Kamuzu Central.

Zipangizo nazonso zimapha mwakachetechete. Mgolo womwe mudali mankhwala a mbewu, paipi yowotcherera ndi mtovu kapena redieta ya galimoto zimasiya poizoni mu mowa. Kuthira fetereza wa urea kuti mgolo upse msanga kumabala ethyl carbamate, chinthu chomwe akatswiri amachiika m'gulu la zokayikiridwa kuti zimayambitsa khansa. Za ufa ndi madeya ovunda, phunziro lowawa lidachokera ku Chitima m'chigawo cha Tete mu January 2015, komwe anthu 75 adafa atamwa mowa wamasese pamaliro. Kafukufuku adapeza poizoni wa tizilombo tomwe tidamera mu ufa wa chimanga woonongeka.

Komabe chovulaza anthu ambiri si poizoni wachilendo, koma ethanol yemweyo. Botolo la kachasu lilibe chizindikiro chonena ukali wake, mtengo wake ndi wotsika, ndipo ambiri amamwa m'mimba muli pululu. Chiwindi chimauma, shuga wa m'magazi amatsika mwadzidzidzi, ndipo mowa pamodzi ndi fodya zimadziwika kuti zimakulitsa chiopsezo cha khansa ya kummero, matenda omwe Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse.

Malonda ndi malamulo

Malonda a kachasu amatsata nyengo ya ulimi. Amakwera pakati pa April ndi August, pamene alimi agulitsa fodya ku Kanengo, mtedza ndi soya m'misika ya Nsaru ndi Namitete, ndiponso madeya ali mbwee kuzigayo. Amatsika mu January ndi February, njala ikalowa m'mudzi ndipo madeya omwewo asanduka chakudya cha anthu. Mtengo wa shuga ukakwera, wotcheza ndiye amayamba kumva kuwawa. Kwa amayi ambiri, makamaka amasiye ndi olera okha ana, ndalama ya kachasu ndi yomwe imagula fetereza, sopo ndi kulipira sukulu, ndipo zotsalira mu mphika zimanenepetsa nkhumba. Mbali ina, ntchitoyi imadya nkhuni zambiri m'dera lomwe mitengo idatha kale.

Malamulo a dziko lino amafuna chilolezo kwa wopanga ndi wogulitsa mowa, ndipo kachasu wa kumudzi sadutsa ku Malawi Bureau of Standards kukayesedwa. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, n'kukhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017, koma otcheza a kumudzi adakali kunja kwa kaundula aliyense. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2018 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mowa womwedwa padziko ndi wotere, wosalembedwa paliponse. Maiko ena adayesa njira yolowetsa otcheza m'malamulo. Uganda, m'zaka za m'ma 1960, idalola otcheza achilolezo kugulitsa enguli wawo kufakitale kuti akatchezedwenso m'mipope n'kutuluka ngati Uganda Waragi. Kenya idachotsa chiletso cha chang'aa mu 2010, koma idalamula kuti mowawo uzipangidwa mwaukhondo, uziyesedwa ndi kugulitsidwa m'mabotolo otseka.