Zotsalira zoyera ndi zonona pa tayala longomangidwa kumene: n'chiyani ndipo zimachoka bwanji

Mukamangitsa tayala ku Dedza boma kapena pa Linthipe, kawirikawiri m'mphepete mwake, pomwe lakumana ndi limu, mumatsala zinthu zoyera ngati phala louma, kapena zakuda zonona. Mukangosiya msewu wa M1 n'kulowa wafumbi wobwera kuno ku Mphunzi, fumbi lonse limakakamira pomwepo, tayala la dzulodzuloli n'kumaoneka ngati layenda chaka. Ambiri amathamangira kansanza konyika m'petulo. Musatero. Choyamba dziwani kuti womangayo anapaka chiyani, chifukwa katsukidwe kake kamachokera pamenepo, ndipo zina mwa zotsalirazi ndi chizindikiro cha ngozi.

Tayala sililowa pa limu louma. M'milomo yake muli waya wachitsulo wosatamuka, ndiye kuti mlomowo udumphe m'mphepete mwa limu osang'ambika, pamafunika choterera. Chimene chinapangidwira ntchitoyi ndi phala lomangira matayala, lomwe limabwera m'zidebe, loyera kapena lakuda. Kwenikweni ndi sopo wochokera ku mafuta a zomera, wosakaniza ndi mankhwala oteteza dzimbiri. Limaterera pomanga, kenako limauma, tayala n'kugwira limu mwamphamvu. Malo ambiri a m'mbali mwa msewu alibe phalali, ndiye amasungunula sopo wochapira m'madzi. Ena, makamaka akapanikizika ndi ntchito, amangotenga oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini, girizi, ngakhale mafuta a mabuleki.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Nyowetsani chala, mupake pa zotsalirazo. Zikasungunuka n'kuyamba kathovu, ndi sopo kapena phala lija. Madzi akamangothawa, chala n'kuda komanso kununkha galaja, ameneyo ndi oyilo kapena girizi.

Tiyambe ndi zoyerazo, poti ndi zimene zimapezeka kwambiri. Imikani galimoto pamthunzi, mudikire mabuleki azizire, makamaka ngati mwangotsika zitunda. Tsukani kaye ndi madzi okhaokha kuti mchenga uchoke, apo ayi mudzakhala mukukanda limu ndi mchengawo. Kenako madzi ofunda m'ndowa, kasopo pang'ono ka mbale kapena ka galimoto, muthire pa zoumazo n'kuzisiya mphindi zisanu. Apa m'pamene ambiri amalephera: amafuna zichoke nthawi yomweyo. Phala louma limafuna kunyowa kaye, ngati mphika wa nsima wa dzulo, ndipo m'nyengo ya chisanu cha June ndi July kuno kumapiri, madzi ozizira a pamjigo salifewetsa msanga. Likafewa, pukutani ndi bulashi ya pulasitiki yochapira zovala. Chinkhupule chimagwiranso ntchito. Mumpata wapakati pa limu ndi labala, komanso m'zilembo za pambali pa tayala momwe zoyerazo zimabisala, mswachi wakale ndi umene umafika. Tsukuluzani ndi madzi ambiri, mupukute ndi nsalu. Likauma n'kuonekanso mbuu, bwerezani. Kawiri kapena katatu zimakhala zatha.

Koma fanizo la mphikalo lithere pa kunyika basi. Mchenga, phulusa, waya wokwechera mapoto ndi bulashi ya waya zimachotsa penti pa limu yachitsulo, dzimbiri n'kuyambira pomwepo, ndipo limu ya aluminiyamu zimaisiya ndi zipsera zosachoka. Sopo waufa naye musamusiye aumire pa limu. Ali ndi michere yomwe imadya chitsulo pang'onopang'ono, ndipo dzimbiri likamera pomwe mlomo wa tayala umakhala, tayala lopanda chubu limayamba kutaya mpweya popanda msomali uliwonse. Ndiye mumangopopa m'mawa uliwonse n'kumadabwa.

Za oyilo ndi nkhani ina. Labala wa tayala amamwa mafuta ochokera ku petulo: amatupa, amafewa, kenako amayamba ming'alu. N'chifukwa chake makampani opanga matayala amaletsa kumangira tayala ndi oyilo kapena girizi, ndipo chifukwa chomwecho n'chimene chikuletsa kutsukira petulo, dizilo, palafini kapena thinner. Inde zimachotsa msanga, tayala n'kuwala kwa tsiku limodzi, koma mwathira chimodzimodzi chimene mumafuna kuchotsa. Njira yake ndi yotopetsa koma ndi yomweyo: pukutani kaye ndi pepala kapena nsanza youma mpaka mafuta ambiri atachoka, kenako sopo wa mbale wochulukirapo ndi madzi ofunda, kubwereza mpaka madzi ayambe kuyala bwino pa labala osathawa. Samalani kuti madzi amafutawo asadonthere pa mabuleki. Mapadi akamwa oyilo sagwiranso bwino, ndipo ngakhale mutawatsuka sabwerera mwakale, amafunika kusintha.

Chachikulu n'chakuti oyilo amene mukumuona kunjayu ndi wochepa. Wina ali mkati, pakati pa mlomo wa tayala ndi limu, ndipo oyilo sauma ngati sopo. Mukaponda buleki mwamphamvu kapena kukwera chitunda ndi matumba a mbatatesi, limu ikhoza kuzungulira pang'ono m'kati mwa tayala. Pa galimoto, zimenezi zimasokoneza balansi yomwe munalipira, chiwongolero n'kuyamba kunjenjemera mukathamanga pa tala. Pa njinga yamoto ya chubu ndi zoopsa kuposa apo, chifukwa tayala likamasuntha limakoka chubu, pomwe valavu yatsekeredwa pa bowo la limu. Mapeto ake valavu imazuka ndipo mpweya umatha kamodzin'kamodzi, inu muli ndi pasenjala kumbuyo. Anyamata a kabaza, mukaona valavu yapendekeka m'malo moima chilili, chimenecho ndi chenjezo.

Kuyesa kwake n'kotchipa: jambulani kamzere ka choko pambali pa tayala moyang'anizana ndi valavu, muyende tsiku limodzi kapena awiri. Kamzere kakasiyana ndi valavu, tayala likusuntha. Bwererani kwa amene anamanga, alimasule, atsuke milomo ndi limu yomwe, alimangenso ndi sopo. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi sayenera kukulipiritsaninso, koma zimenezo mukakambirana nokha. Chabwino koposa ndi kuima pomwepo pomanga n'kunena msanga kuti, "Achimwene, oyilo ayi, pakani sopo."

Chilichonse choterera chimene chafika mbali yoponda pansi chichoke musananyamuke, makamaka pa njinga, yomwe imayendera m'mbali mwa tayala ikamakhota. Ngakhale loyera bwino, tayala latsopano la njinga limakhala losalala, ndipo opanga amalangiza kuyenda modekha makilomita pafupifupi 160 oyambirira. Musapakenso polishi wa matayala mbali imeneyi.

Pali zina zomwe anthu amalimbana nazo pachabe poganiza kuti ndi zotsalira. Timizere tamitundu tozungulira pamwamba pa tayala ndi zizindikiro za kufakitale, timatha tokha poyenda. Kadontho kachikasu pambali kamasonyeza pomwe tayala lapepuka, ndipo womanga wodziwa ntchito amakalunjikitsa pa valavu. Ndiye pali mtundu wofiirira umene umabwera pakapita masabata, ngakhale mutsuke bwanji. Umenewo umachokera m'kati mwa labala momwemo: ndi mankhwala otchedwa 6PPD omwe opanga amaikamo kuti azituluka pang'onopang'ono n'kuteteza tayala ku mpweya wa ozone womwe umang'amba labala. Sopo ndi bulashi zimauchepetsa, koma udzabweranso, ndipo si vuto. M'chaka cha 2020 akatswiri a ku Washington, m'dziko la America, anapeza kuti mankhwalawa akasintha n'kukokoloka ndi mvula kupita m'mitsinje amapha nsomba za mtundu wa coho salmon. Kuno nsomba zimenezo kulibe, komabe madzi otsukira matayala, makamaka a oyilo, si otayira mumtsinje, pafupi ndi mjigo kapena m'dimba. Kumbani kadzenje kutali.

Tayala likayera, werengani zimene zalembedwa pambali. Pezani zilembo zakuti DOT, mutsatire mpaka manambala anayi omalizira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Kalembedwe ka manambala anayi kanayamba m'chaka cha 2000, choncho tayala la manambala atatu ndi lakale kuposa pamenepo. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likadutsa zaka zisanu liziyesedwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Izi n'zofunika kwa ife amene nthawi zambiri timagula matayala oyendapo kale, omwe ogulitsa ena amawapaka zowalitsa kuti aoneke ngati atsopano. Zowalitsazo zikachoka ndi sopo, yang'anani bwino pafupi ndi limu komanso m'mizere ya pamwamba. Ngati pali timing'alu tambirimbiri tonga ta chidendene cha m'chilimwe, labalayo wauma, ndipo tayalalo libwezeni lisanayende ulendo wina pa M1.