Zigamba Zapamsana: Mbiri ya Jekete ya Okonda Heavy Metal

Mu Ogasiti 1980, pabwalo la mpikisano wa galimoto la Donington Park ku England, panachitika chikondwerero choyamba cha Monsters of Rock. Anaimba a Rainbow, Judas Priest, Scorpions, Saxon ndi magulu ena. Koma ndikamaona zithunzi za zikondwerero za zaka zimenezo, maso anga sachedwa pa oimba. Amathamangira kwa anyamata ndi atsikana amene afulatira wojambula, chifukwa nkhani yonse ili pamsana pawo: jekete ya jinzi yodula manja, yovala pamwamba pa ina yachikopa, yodzaza ndi zigamba za mayina a magulu oimba mpaka jinziyo osaonekanso. Angerezi amaitcha battle jacket, Ajeremani amati Kutte. Chaka chotsatira a Saxon, anyamata a ku Barnsley kudera la migodi ya malasha, anatulutsa chimbale cha Denim and Leather polemekeza anthu awo ndi kavalidwe kameneka.

Chovalachi sichinabadwire m'nyimbo. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a ndege a ku America ankasokerera zizindikiro za magulu awo pachifuwa cha majekete achikopa, ndipo ena ankapenta kumsana dzina la ndege yawo ndi maulendo amene apita n'kubwerako amoyo. Nkhondo itatha, ena mwa iwo analowa m'magulu oyendetsa njinga zamoto, ndipo magulu amenewa ndiwo anazoloweretsa anthu kuona jekete yopanda manja yokhala ndi chizindikiro chachikulu kumsana. Kungoti kwa a njinga, chigamba sunkasankha wekha. Unkachita kupatsidwa ndi gulu utayesedwa kwa nthawi yaitali, ndipo ukatuluka m'gulumo unkabweza. Achinyamata okonda nyimbo atatengera chovalachi m'zaka za m'ma 1970, lamulo limeneli analisiya panja. Aliyense anakhala mwini msana wake.

Chifukwa chimene inakhalira jinzi ndi singano, osati suti yogula m'sitolo, chimaoneka tikayang'ana kumene nyimboyi inachokera. Anyamata anayi amene anadzakhala Black Sabbath anakumana mu 1968 ku Aston, dera la mafakitale mumzinda wa Birmingham. Woimba gitala wawo, Tony Iommi, ali ndi zaka 17 anadulidwa nsonga za zala ziwiri ndi makina pafakitale ya malata. Zinali zala za dzanja lamanja, lomwe iye amakanikizira nsambo popeza ndi wamanzere. Anasungunula botolo la pulasitiki, n'kudzipangira tizisoti ta kuzala tokuta ndi chikopa, kenako anayamba kukhwefula nsambo kuti zisamamupweteke, ndipo gitala yake inayamba kulira mozama ndi molemera. Chimbale chawo choyamba chinatuluka pa 13 Febuluwale 1970. Ambiri mwa amene anachilandira ndi manja awiri anali ana a anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi. Jinzi inali chovala cha ntchito, cholimba, chosaboola m'thumba. Chigamba mwana wasukulu ankatha kuchigula pakhomo la holo, pamsika, kapena kuchiitanitsa pa positi atachiona m'masamba a malonda a nyuzipepala ya Sounds kaya magazini ya Kerrang!, yomwe inayamba mu 1981. Amene analibiretu ndalama ankalemba dzina la gulu ndi bolopeni, ena n'kulipeta ndi ulusi.

Chimene chinakoleza moto ndi magulu atsopano amene anabuka cha m'ma 1979, omwe a Sounds anawatcha New Wave of British Heavy Metal. Magulu a nthawi imeneyi anali ndi zithunzi zoti munthu n'kuzizindikira ali kutsidya kwa msewu. Derek Riggs anajambulira Iron Maiden chilombo chawo choopsa, Eddie, wa nkhope youma ngati mtembo. Joe Petagno anali atajambulira kale Motörhead chibade cha minyanga ndi maunyolo, chomwe chinaoneka pa chimbale chawo cha 1977. Zithunzi zotere zimakhala bwino pansalu, ndipo mpaka lero ndizo zadzaza misana.

Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ku Limbe, ndipo luso lawo pa chigamba linali kuchibisa: ulusi wofanana ndi nsalu, kusokera chamkati, kuti mwana asakasekedwe kusukulu. Nditadzakhala kuno ku Birmingham, ndinaona abambo a ndevu zaimvi akuyenda monyadira atavala zigamba thupi lonse, ulusi wake uli poyera. Mwana wa telala sangaleke kuyang'ana msoko, ndipo msoko wa majekete amenewa umanena zambiri. Wina wasoka ndi ulusi woyera wotsukira m'mano chifukwa suduka msanga. Wina msoko wake wakumsana ndi wokhotakhota, wa mwana amene akugwira singano koyamba, pomwe wa m'mphepete ndi wowongoka, wa dzanja lomwelo patapita zaka makumi awiri. Pena umaona msoko waukhondo kwambiri, n'kudziwa kuti apa anasoka ndi mayi ake, amene mwina nyimbozo ankadana nazo koma mwana wawo ankamukonda.

Jekete imawerengedwa kuyambira kumbuyo. Chigamba chachikulu chapamsana ndi cha gulu kapena chimbale chimene mwiniwake angafe nacho, ndipo munthu amalingalira nthawi yaitali asanachisankhe, chifukwa kuchisomola n'kuikapo china ndi nkhani yaikulu. Pachifuwa pamakhala ena apamtima. M'mphepete ndi m'nthiti ndimo mumalowa magulu ang'onoang'ono, ndipo odziwa amayang'ana mmenemo. Iron Maiden aliyense amaidziwa. Koma ukaona Diamond Head kapena Angel Witch, udziwe kuti mwiniwake anakumba mozama m'nyimbo za ku England za 1980. Jinzi yabuluu yokhala ndi Slayer, Kreator ya ku Essen ndi Sodom ya ku Gelsenkirchen ndi ya wokonda thrash, nyimbo yothamanga ngati yolusa, ndipo n'zosadabwitsa kuti magulu awiri a ku Germany amenewa anachokera ku Ruhr, dera la malasha ndi zitsulo. Mtsogoleri wa Sodom, Tom Angelripper, anagwirapo ntchito kumgodi. Jekete yakuda bii, ya mayina olembedwa mopiringizika ngati mizu ndi minga, ndi ya okonda death metal ndi black metal. Kusawerengekako n'kwadala: wotha kuwerenga dzinalo ndi mnzako, ndipo macheza amayambira pomwepo.

Pali zigamba zina zomwe si za kukonda chabe. Chokhala ndi chaka ndi dzina la ulendo wa oimba chimanena kuti ndinalipo ndipo ndinaona ndi maso anga. Ku Wacken, mudzi waung'ono wa alimi kumpoto kwa Germany kumene chikondwerero chinayamba mu 1990 ndi anthu mazana ochepa koma lero kumasonkhana anthu zikwi makumi angapo, umapeza anthu amene asanja zigamba za chaka chilichonse chimene anafikako. Ndiye pali za maliro: woimba Ronnie James Dio amene anatisiya mu 2010, Lemmy wa Motörhead mu 2015, ndi Ozzy Osbourne wa Black Sabbath, amene anamwalira mu Julaye 2025 patangopita masabata ochepa ataimba komaliza pabwalo la Villa Park, pafupi ndi kumene anakulira. Chimene chimandisangalatsa koposa ndi kachigamba kosayembekezeka pakona, ka Johnny Cash kapena ABBA. Munthu ameneyo akunena zoona za makutu ake, saopa anzake.

Si zonse zokoma. Chigamba cha Burzum chimagawanitsa anthu mpaka lero, chifukwa mwini gululo, Varg Vikernes wa ku Norway, anapezeka wolakwa mu 1994 pa mlandu wopha Euronymous wa gulu la Mayhem ndi wotentha matchalitchi, ndipo maganizo ake osankhana mitundu sanawabisepo. Ovala chigambachi ena amati iwo akonda nyimbo yokha basi. Ine monga munthu wakuda woima m'khamu lomwelo, yankho limenelo silindikwanira. Ngati jekete ndi mawu a mwiniwake, ayenera kuyankhapo pa mawu onse amene wasokapo.

Malamulo osalembedwa alipo ambiri: usavale gulu limene sumvera, soka wekha, ndipo akale amati jekete sichapidwa, matope ndi thukuta la zikondwerero zikhale momwemo. Oyamba awiriwo ndimagwirizana nawo. Chimene ndimakana ndi khalidwe loimitsa wachinyamata, kawirikawiri mtsikana, n'kumufunsa kuti atchule nyimbo zitatu za gulu limene wavala, ngati kuti ali pamayeso. Aliyense wa akuluakuluwa anayamba ndi chigamba chimodzi ndi jinzi yopanda kanthu.

Chomwe chasintha kwambiri ndi malonda. Masitolo a zovala amagulitsa majekete osokeratu zigamba kufakitale, onse ofanana, ndipo jekete yotero ilibe mwini ngakhale wina aivale. Kwinaku zigamba zoluka za m'ma 1980 zakwera mtengo pa intaneti moti ena amagula jekete yakale ya munthu amene anamwalira kapena kukalamba, n'kuisomola chigamba chimodzichimodzi kuti agulitse padera. Ndalama amapezadi. Koma dongosolo limene munthu uja anasanjira nyimbo zake, chimene anaika pamtima ndi chimene anakankhira m'nthiti, limathera pa lumo, ndipo pajinzipo pamangotsala timabokosi ta buluu wosasuluka ndi timabowo ta singano.