Mlenje Wachilendo ndi Eni Nthaka ku Malambo

Achinyamata anzanga, pa msonkhano wina umene tinachita kufupi ndi Chipata, mnyamata wochokera ku Malambo anaimirira nafunsa funso limene linatikhalitsa chete tonse. Anati amalume ake anamangidwa chifukwa anawapeza ndi nyama ya nswala, pamene chaka chomwecho galimoto ya mzungu wochokera kutsidya la nyanja inadutsa pamudzi pawo itanyamula mutu wa njati, ndipo palibe amene anaiimitsa. Tsono anati, "Kodi chilungamo chili pati?" Mwina funso limeneli ndi lanunso. Tisafulumire kuliyankha. Tiyeni tiyambe taona kumene nkhaniyi inachokera, pakuti mlenje wachilendo sanayambe lero kufika m'chigwa cha Luangwa.

Masiku a makolo

Kale kusaka kunali ndi mwambo wake. Akunda, Abisa, Asenga, Achewa ndi Angoni ankapita ku uzimba m'chilimwe, udzu utapsa, atanyamula mauta, nthungo ndi maukonde, agalu ali patsogolo. Ena ankakumba mbuna m'njira za nyama. Koma tchire linali ndi mwini wake, ndiye mfumu. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wakhudza pansi unali wa mfumu ya nthakayo. Chikopa cha mkango kapena cha kambuku chinkapitanso kwa mfumu. Mlendo wofuna kusaka ankayamba wafika kubwalo ndi mphatso m'manja, kuti apemphe njira.

Musaganize kuti makolo athu anali angelo. Nyama zinkachuluka chifukwanso anthu anali ochepa, zida zawo zinali zofooka, ndipo kashembe sankalola ng'ombe kukhala m'chigwamo. Komabe panali chinthu chimodzi chimene aliyense ankachidziwa: mlendo ndi mlendo, mwini ndi mwini.

Mfuti ndi minyanga

M'zaka za m'ma 1800 zinthu zinasintha. Achikunda, alenje a njovu ochokera ku Zambezi, cha ku Tete ndi ku Zumbo, anakwera ndi mtsinje wa Luangwa atanyamula mfuti za gogodela. Kuchokera kum'mawa kunkafika Aluya ndi Aswahili. Onsewa ankafuna minyanga, ndipo ankalipira ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Kawirikawiri amene ankasenza minyangayo kupita kunyanja anali akapolo. Pamene David Livingstone anawoloka Luangwa mu December 1866, malonda amenewa anali atazika kale mizu.

Mmodzi mwa alendo amenewa tiyenera kumukumbukira ife a ku Chipata. Dzina lake ndi Carl Wiese, Mjeremani amene anakhala kwa Mpezeni m'zaka za m'ma 1880 akuchita malonda a minyanga. Iye anapeza mapepala onena kuti Mpezeni wamupatsa mphamvu pa dziko lalikulu. Mapepalawo anagulitsidwa ku Ulaya, ndipo mu 1895 kunabadwa kampani ya North Charterland imene inkati dzikolo ndi lake. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anagwidwa naphedwa ndi mfuti. Taonani kumene malonda a minyanga anatifikitsa. Munthu analowa pakhomo ngati wogula, koma pambuyo pake panatsata otenga nthaka.

Boma la atsamunda

Tauni yathu ino inamangidwa ndi dzina la Fort Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Nthawi imeneyo nyama zinali zitachepa, chifukwa cha alenje a minyanga ndiponso mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest umene unapha njati ndi nchefu zambiri m'zaka za m'ma 1890. Boma latsopano linati nyama ziyenera kutetezedwa. Mu 1904 linapatula malo ena ku Luangwa chifukwa cha nyamalikiti za kumeneko, zimene mpaka lero zimatchedwa ndi dzina la Thornicroft, bwana wa boma la nthawi imeneyo. Mu 1938 linapatulanso malo aakulu atatu: South Luangwa, North Luangwa ndi Lukusuzi. Midzi ina inasamutsidwa.

Kuteteza nyama sikunali koipa ayi. Choipa chinali chakuti lamulo linatembenuza mwambo chadodolido. Chilolezo chosakira sichinalinso kwa mfumu koma ku boma, ndipo chinkagulidwa ndi ndalama. Mzungu wokhala ndi ndalama ankagula layisensi nakasaka mwaulemu. Munthu wa m'mudzi, amene njovu zinkamudyera mapira usiku, akatchera msampha monga ankachitira agogo ake, ankakhala wolakwa. Apa ndi pamene panachokera dzina lakuti pocha. Mwini anasanduka mlendo pa nthaka ya makolo ake.

Panali mzungu mmodzi amene anaona kuti njira imeneyi siingapite patali. Norman Carr, wobadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912, anayamba ngati wantchito wa boma wowombera njovu zoononga minda. Cha mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda kuti mbali ina ya dziko lake ipatulidwe, alendo azibwera kudzaona nyama, ndipo ndalama zimene alipira zizilowa m'thumba la Akunda. Maganizo ake anali apafupi: munthu sangasunge chinthu chimene sichimupindulira. Carr anamwalira mu 1997, koma funso limene iye ndi Mfumu Nsefu anayesa kuliyankha likadali pakati pathu.

Titalandira ufulu

Mu 1964 Zambia inadziimira payokha, koma nyama sizinabwerere kwa mafumu. Lamulo la 1968 linati nyama zonse za m'tchire zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Mu 1972 South Luangwa inakhala paki, malo okwana makilomita 9,050 m'mbali zonse, mmene kusaka n'koletsedwa kwa aliyense. Kuzungulira mapaki kunakhazikitsidwa malo otchedwa Game Management Area, kapena GMA, mmene anthu amakhala ndi kulima, ndipo kusaka kumaloledwa kwa amene ali ndi layisensi. Lupande GMA, dziko la mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda, a Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro, ndi imodzi mwa malo amenewa.

Kodi mlendo amasaka bwanji m'malo oterewa? Sangonyamula mfuti n'kulowa m'tchire. Boma limagawa GMA m'zigawo nkuzibwereketsa kwa makampani a safari. Chaka chilichonse limawerengera kuti m'chigawo chakuti mungaphedwe njati zingati, nswala zingati, ngoma zingati. Mlendo wa kunja amalipira ndi madola pa nyama iliyonse, ndipo amayenda ndi mlenje wodziwa ntchito amene ali ndi chilolezo chake, pamodzi ndi wagemu. Amene amafunidwa kwenikweni ndi amphongo okalamba a nyanga zazikulu. Palinso mlendo wa mtundu wachiwiri amene timamuiwala: nzika ya Zambia yochokera ku Lusaka kapena ku Copperbelt, imene imagula layisensi nkudzasaka nyama ya ndiwo. Ameneyunso ndi mlendo ku Malambo, ngakhale khungu lake ndi lathu lomweli. M'masiku a chipani chimodzi kunalinso malayisensi apadera operekedwa ndi nduna, ndipo anthu ankadandaula kuti ambiri ankathera kwa akuluakulu andale.

Pa zaka zonsezo ndalama zinkapita ku Lusaka. Anthu a m'chigwa ankangoona fumbi la magalimoto.

Zaka za tsoka

Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa, ntchito zinasowa, ndipo boma linalibe ndalama zokwanira zolipirira agemu. Nthawi yomweyo mtengo wa minyanga ndi wa nyanga za chipembere unakwera kunja. Magulu a anthu okhala ndi mfuti zankhondo analowa m'chigwa, otumidwa ndi amalonda a m'matauni ndi a maiko ena. Mu 1973 akatswiri anawerenga njovu pafupifupi 86,000 m'chigwa cha Luangwa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zoposa theka zinali zitatha. Boma linaletsa kusaka njovu mu 1982, koma opha mozemba sanaleke. Zipembere, zimene zinalipo zikwizikwi, zinatheratu, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso chipembere chakuda.

Mungafunse kuti, nanga eni midzi anali kuti? Analipo. Ena ankalembedwa ganyu yosenza minyanga, ambiri ankangokhala chete. Kodi munthu angaike moyo wake pachiswe chifukwa cha njovu imene anauzidwa kuti si yake, imenenso inamudyera munda chaka chatha? Agemu anali adani, ndipo pocha anali munthu wobweretsa ndiwo.

Kubwerera kwa eni

Tsoka limeneli linaphunzitsa akuluakulu chimene makolo ankachidziwa kale. Mu 1983 kunachitika msonkhano ku Nyamaluma, m'dziko la Lupande, wokambirana za mmene anthu a m'midzi angapindulire ndi nyama zawo. Kuchokera pamenepo kunabadwa ntchito ziwiri. Ina inali LIRDP, imene inayamba mu 1986 ndi thandizo la dziko la Norway. Ina inali ADMADE, imene inkaphunzitsa anyamata a m'midzi kukhala alonda a nyama, nkumabweza gawo la ndalama za alenje achilendo kwa anthu. Kuyambira mu 1996 ku Lupande, magawo 80 pa 100 a ndalamazo ankapita mwachindunji ku magulu a m'midzi, ndipo anthu ankakhala pansi kugwirizana kaya agawane, kaya akumbe chitsime, kaya amange kalasi.

Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la ZAWA ndi mabungwe a anthu otchedwa Community Resources Board, amene mamembala ake amasankhidwa ndi anthu a m'dera la mfumu. M'masiku a ZAWA kunagwirizanidwa kuti theka la ndalama za nyama iliyonse yophedwa lizibwerera kwa anthu ndi mfumu yawo. Sikuti zonse zinayenda bwino. Ndalama zinkachedwa, ndipo kagawidwe ka zigawo zosakira kanabweretsa mikangano, mpaka Pulezidenti Chiluba anaimitsa kusaka kwa safari mu 2001. Mu 2013 boma linaletsanso kusaka mikango ndi akambuku, nkudzalolanso akambuku mu 2015 ndi mikango mu 2016. Lamulo la 2015 linathetsa ZAWA, ntchito yake nkubwerera ku nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama za m'tchire.

Komabe zipatso zinaoneka. Mu 2003 zipembere zisanu zochokera ku South Africa zinatsitsidwa ku North Luangwa, ndipo zinayamba kuswana. Chaka chomwecho kunayamba COMACO, imene imaphunzitsa ulimi anthu amene apereka mfuti ndi mawaya awo, nkumawagula mtedza, mpunga ndi uchi. Chiponde cha It's Wild chimene mumachiona m'masitolo chinachokera m'maganizo amenewa.

Nanga ife?

Tsopano tibwerere kwa mnzathu uja. Kodi anali kulakwa? Ayi, dandaulo lake lili ndi mbiri ya zaka zoposa zana kumbuyo kwake. Koma mbiri yomweyo ikutiuza kuti kuipa sikunali pa kubwera kwa mlendo. Akulu amati mlendo ndi mame. Amabwera, amapita. Kuipa kunayamba pamene mlendo analeka kufika kubwalo, ndipo mwini analeka kudziyesa mwini. Njati imodzi yokalamba imene yawerengedwa, yalipiridwa, ndalama yake nkufika m'mudzi, siingathetse nyama. Koma mawaya zana otcheredwa m'mbali mwa dambo sasankha. Amagwira nswala ya bere, mkango, mbulu, ngakhale chitamba cha mwana wa njovu. Motero funso loyenera kufunsa mokweza ndi lakuti, ndalama ya njati ija inafika kuti?

Palinso china chimene chikukhudza inu a m'tauni. Mukagula nyama yofutsa ya m'tchire yopanda mapepala, imene yabwera usiku m'thumba la makala, mwakhala mlenje wachilendo ngakhale simunagwire mfuti. Mwadya za ku Malambo osafika kubwalo, ndipo amene adzagone m'ndende si inu koma amalume a mnzanu.

Mawu a Mulungu sakudana ndi ulenje, pakuti Esau anali mlenje ndipo atate ake ankakonda nyama yake. Koma pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa munda kuti aziugwirira ntchito ndi kuuyang'anira. Pa Deuteronomo 22:6-7 wopeza chisa akuuzidwa kuti asiye make wa mbalame apite, kuti mtundu usathe. Ndipo pa Levitiko 25:23 Mulungu akukumbutsa Aisraele kuti dziko ndi lake, iwo akungokhalamo mwachilendo. Choncho pamaso pa Mulungu, mzungu wa safari, bwana wa ku Lusaka, mfumu, inu ndi ine, tonse ndife alendo m'tchire la Mwini wake, ndipo adzatifunsa za mmene tinalisiyira.

Ngati kwanu ndi ku GMA, pitani ku misonkhano ya bungwe lanu, funsani mwaulemu kuti ndalama zinabwera zingati ndipo zinagwira ntchito yanji, ndipo nthawi ya zisankho ikafika musakhale kunyumba. Ngati kwanu ndi m'tauni, kanani nyama yozembetsa ngakhale itatsika mtengo.

Mafunso okambirana m'gulu lanu

1. Funsani agogo a kwanu za malamulo a uzimba a m'masiku awo. Ndi ati amene angatithandize lero?
2. Kodi Mkhristu amene njovu zamuthera munda achite chiyani, ndipo mpingo ungamuthandize bwanji?
3. Mlendo akabwera kunyumba kwanu ndi nyama ya m'tchire yopanda mapepala, mungamuyankhe bwanji osamuchititsa manyazi?