Kapepala kamene kanayambila ku mkodzo

Kapepala kopimila fentanyl poyamba sikanali kopulumutsila anthu. Kanali kopimila mkodzo, kuti adokotala adziwe ngati munthu anamwa mankhwala.

Fentanyl anaipanga Paul Janssen ku Belgium ca m'ma 1960, kuti izithandiza odwala amene ali na ululu waukulu. Ni yamphamvu kuposa heroin pafupifupi maulendo 50. Ogulitsa mankhwala osokoneza bongo ku America na Canada atayamba kuisakaniza mu heroin na m'mapilisi abodza, anthu ambili anafa osadziwa cimene amwa.

Mu 2016, ku Insite, malo a ku Vancouver kumene anthu amadzibaya mankhwala manesi ali pafupi, anayamba kusungunula kamankhwala pang'ono m'madzi na kuviikamo kapepala ka mkodzo kaja. Mzela umodzi, fentanyl ilimo. Mizela iwili, sinapezeke. Mu 2021, caka cimene anthu oposa 100,000 anafa na overdose ku America, boma la kumeneko linavomeleza kuti ndalama zake zizigulila tumapepala utu.

Koma "sinapezeke" si "mulibe". Fentanyl sisakanizika mofanana: mbali ya pilisi imene wapima ingakhale yabwino, poizoni ili mbali ina. Kapepala sikakamba kuculuka kwake, ndipo nitazene na xylazine sikaziona.

Ndiye cifukwa cake ku Insite kapepala katabwela, manesi sanacoke. Munthu akaleka kupuma cifukwa ca fentanyl, comuutsa ni naloxone, ndipo pafunika munthu wina pafupi woti amupatse.